Mayi Wogwira Chikatoni cha a Mawotchi

Pamdadada wathu wa nyumba za lendi pali zitseko zisanu ndi chimodzi, mpopi umodzi ndi zingwe zoyanikapo zovala zimene timakanganirana Loweruka lililonse. Chitseko chachitatu ndi changa, m'mene ndimalukira anthu tsitsi. Chachinayi ndi cha a Mawotchi ndi akazi awo, ndipo khoma lotilekanitsa ndi lopyapyala moti iwo akayetsemula ine ndimapukuta mphuno. Choncho musandifunse kuti nkhaniyi ndinaimva kwa yani. Inandipeza yokha ndili khale m'nyumba mwanga.

A Mawotchi, monga dzina likunenera, amakonza mawotchi. Ali ndi katebulo kagalasi pakhonde la sitolo ya nsapato, pamene amakhala tsiku lonse atawerama, diso limodzi atatsinzina, linalo atatsekapo kagalasi konga chitsekerero cha botolo, akutosatosa timawilo ndi kapanira. Koma imeneyo ndi ntchito yodyera chabe. Mtima wawo wonse uli pa kamera. Anayamba ndi ija ya filimu ali ndi tsitsi lonse m'mutu, kenako anadzagula iyi yoonetsa chithunzi pakagalasi ka kumbuyo. Salipiritsa munthu ayi. Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka anthu amadzaza bwalo lathu atatchena, iwo n'kumawajambula mwaulere. Malipiro ake ndi kumvera ulaliki basi.

Ndipo ulalikiwo, abale, ine ndimaudziwa pamtima kuposa nyimbo za kusukulu zimene ndinazisiyira panjira.

"Dzuwa lili paliwombo musajambule munthu," amatero, chala chili m'mwamba. "Maso amalowa m'maenje, mphuno imataya mthunzi pamlomo, munthu wamoyo n'kumaoneka ngati anamwalira dzana. Dikirani lipendeke, kapena m'mawa lisanakwiye."

Wina akangotulutsa foni kuti ajambule mnzake, a Mawotchi afika kale pamsana pake.

"Achimwene, zigongono m'nthiti! Manja mwatambasula ngati mukuyanika thewera bwanji? Mangani zigongono m'nthiti, lekani kupuma, dinani pang'onopang'ono ngati mukugwira tsaya la khanda. Ndipo galasilo munalipukuta liti? Osati ndi malaya, inu, kansalu kofewa. Tsono musanadine, yang'anani kumbuyo kwa munthuyo. Mwauona mtengo wa magetsiwo? Wamera pamutu pa mkazi wanu. Sunthani phazi limodzi, uchoka."

Ana amawajambula atagwada, ati kamera izikhala pamsinkhu wa maso a mwana, osati kumujambula kuchokera kumwamba ngati khwangwala. Mapazi sadula. Akati adule munthu, sadula pamaondo kapena pazigongono, ati pamenepo amadula ndi ogulitsa nyama. Fulashi amadana nayo ngati mfiti. Koma malamulo aakulu anali awiri. Loyamba, maso a wojambulidwa azioneka akuthwa, zina zonse zikhululukidwe koma maso ayi. Lachiwiri, chithunzi choipa chisagone m'kamera. Akachiona kuti chalakwika, pomwepo chala pabatani, fufu, chapita. Ati munthu amadziwika ndi zimene wasunga.

Ndisaname, zithunzi zawo ndi zabwino. Ine ndemwe, ndi chipumi changachi chonga khonde la sitolo, anandijambula mpaka mlamu wanga anafunsa kuti mtsikanayu ndani.

Koma chinsinsi chake sichinali m'kamera. Chinali m'chikatoni.

Chikatonicho ndi chidutswa cha katoni ya firiji, chotalika kufika m'chiuno, chomatidwa mapepala onyezimira a m'mapaketi a tiyi. Anamata ndi akazi awo, limodzilimodzi, atayamba alikwinya kaye kenako n'kuliwongola kuti lisathobwe m'maso. Ntchito yake ndi kutola dzuwa n'kuliponya pang'ono mbali ya nkhope imene ili mumthunzi. Zikumveka zophweka eti? Kayeseni. Mukapendeketsa pang'ono kuwala kumapita pakhoma, mukapendeketsanso mwamuwotcha munthu m'diso. Mayiwo anachigwira zaka makumi awiri ndi zitatu. Sankauzidwa poima. Munthu akangokhala pampando, iwo aima kale chapambali, kunja kwa chithunzi, manja m'mwamba, ndipo mumangoona tsaya la munthuyo likuyaka mofewa ngati wadzola mafuta a mtengo wapatali. Ana a pabwalo anawatcha mayi a chikatoni, dzinalo n'kukhazikika.

Tsono lowani m'nyumba mwawo muone. Makoma onse zithunzi. Akwati a eni, makanda a eni, agogo a eni, ngakhale galu wa a lendilodi alipo, atakhala mwaulemu. Mayi a chikatoni palibe. Chithunzi chawo chinali cha pachiphaso chokha, chija chokhala ndi chidindo pakati pa tsaya. Chaukwati chinalipo kale, koma a Mawotchi anachichotsa n'kuchitaya, ati wojambulayo anawadula mapazi.

"Bambo, ine mudzandijambula liti?" ankafunsa mayiwo chaka ndi chaka, moseka.

"Inu muli pompano, mayi, mukuthawira kuti? Chanu chiyenera kudzakhala chapadera. Komanso mukakhala pampando, chikatoni agwira ndani?"

Mwamva funsolo? Zaka makumi awiri ndi zitatu linasowa yankho.

Chaka chatha mayiwo anatuluka kachotupa pansi pa khutu lamanzere. Ndinayamba kukaona ndine powaluka, kali ngati nyemba. Pofika miyezi isanu kanali ngati dzira la nkhunda. Atapita kuchipatala, dokotala anawauza mosabisa kuti kayenera kuchotsedwa, ndipo kali pafupi ndi mtsempha umene umayendetsa nkhope. Ati tiyesetsa, koma mtsemphawo ukakhudzidwa, mbali imeneyo idzagwa, pakamwa padzakhota, ndipo mwina sipadzawongokanso. Anawalembera tsiku, Lachiwiri la sabata yachinayi, kugonekedwa Lolemba masana.

Tsiku limenelo mayiwo sanalire. Anabwera kwanga, anakhala pakampando kolukirapo, nadziyang'ana pagalasi langa nthawi yaitali.

"Aneba, kwatsala ma Lamulungu atatu," anatero. "Ndikufuna chithunzi changa nkhope isanapite. Chimodzi chokha. Mwana wanga ali kutali, adzukulu sanabadwe. Adzadziwe kuti agogo awo sanabadwe okhota."

"Si nkhani imeneyo, asisi. Foni yanga nayi, khalani bwino ndikutcholeni pompano."

Anaikankha ndi dzanja.

"Foni? Ine ndaona zimene bambowa amachita ndi nkhope za anthu. Mkazi wa wogulitsa makala uja anabwera pano ali mbuu ngati thumba la mwamuna wake, pachithunzi anatuluka ngati mkazi wa bwana. Amene anamuwalitsa ndine. Ndikufuna chimenecho, aneba. Ndachigwirira ntchito."

Nanga mukanayankha chiyani inu?

A Mawotchi atauzidwa anavomera ndi mtima wonse. Ndinawamva kudzera pakhoma akuti, "Mayi, chimenechi chidzakhala chithunzi cha moyo wanga wonse." Ine kumva mawu amenewo mtima unangoti phaa, pakuti munthu akayamba kunena za moyo wake wonse, ndiye kuti za mawa zamukanika.

Lamulungu loyamba ndinawaluka kuyambira m'mawa, mizere ing'onoing'ono yopita kumbuyo, ina ndinaigwetsera dala kumanzere kuti ibise kachotupako. Anavala diresi yobiriwira imene inkangokhala m'sutikesi, ndi ndolo za mkuwa. Atangotuluka panja, pageti panalowa banja lina ndi mapasa a miyezi itatu, ati tamva kuti kuno amajambula mwaulere.

"Tiyambe ndi alendo, mayi, ana sachedwa kulira," anatero a Mawotchi. "Tagwirani kaye chikatonicho."

Anagwira. Atavala diresi yobiriwira, ndolo zili ngwee, manja m'mwamba, kuwalitsa mapasa a eni. Uyu akaseka uyo akulira, uyo akatonthola uyu wabwezera mkaka pamalaya a bambo ake. Pomwe alendowo ankatsanzika, dzuwa linali litalowa kuseri kwa mpanda.

"Kuwala kwatha," anatero a Mawotchi akutseka galasi la kamera. "Sabata yamawa tiyambira inu."

Lamulungu lachiwiri ndinaima pageti ndekha n'kubweza aliyense, ndikuti a Mawotchi atsegula m'mimba. Mayiwo anakhala pampando pakati pa bwalo. Chikatoni anandipatsa ine.

Inu, chinthu chija ndi chopepuka ukachiona chili m'manja mwa wina. Mphindi zisanu zokha mapewa anga anayamba kuyaka.

"Kwezani, aneba. Ayi, mwakwezetsa. Pendeketsani kumanja. Kumanja kwanu, osati kwanga! Taonani mwawathobwa m'maso, akutuluka misozi. Kodi mukuwalitsa munthu kapena mukuitana ndege?"

"Bambo inu, ine ndimaluka tsitsi, sindiweta dzuwa."

Mayiwo, ali pampando pomwepo, ankandilozera ndi chibwano osatembenuza mutu. "Bwererani phazi limodzi, aneba. Tsitsani ngodya ya kumtunda. Apo." Kuwala kukangokhala bwino, mphepo n'kukankha chikatoni. Mphepo ikaleka, a Mawotchi aona kuti kumbuyo kwa mayiwo, pachingwe, pakulendewera makabudula am'kati a bambo a pachitseko chachisanu ndi chimodzi. Tinachotsa makabudula. Tinasuntha mpando. Posuntha mpando kuwala kunasintha, tinayambiranso. Ola lathunthu diso lili pakamera, chala chili pabatani, koma osadina ngakhale kamodzi.

"Bambo, tangodinani," anatero mayiwo. "Khosi lauma."

"Sindidina chinthu chimene ndikudziwa kuti ndichifufuta. Aneba akaphunzire kaye. Kwatsala Lamulungu lina."

Ndionetsetse anathetsa nkhosa, akuluakulu ananena. Ndinawauza mwambiwo pamaso. Anandiyankha kuti nkhosa sizikhudzana ndi kujambula.

Sabata imeneyo mayiwo ankandiphunzitsa chikatoni masana aliwonse, amuna awo ali kuntchito. Ankaika ndowa pampando, ine n'kumaiwalitsa. Anthu odutsa ankayesa tapenga. Koma pofika Loweruka ndinkatha kuika kuwala pakhutu la ndowa osaphonya.

Lamulungu lachitatu, lomaliza, kumwamba kunali timitambo topyapyala, kuwala kofewa kumene a Mawotchi amati ndi kwa Mulungu mwini. Zingwe tinachotsa zonse. Mpando tinaika pafupi ndi khoma loyera la kuseri kwa mpopi. Ndinawalukanso mwatsopano. Ndinaima pamalo panga, chikatoni chili nji.

A Mawotchi anadina. Ndinamva ndi makutu anga, tcha. Anadinanso. Koma mayiwo anali atauma ngati ali pamzere wa kupolisi, milomo ataimanga, pakuti munthu amene waona anzake akujambulidwa zaka zonsezo sadziwa chochita ndi nkhope yake ikafika nthawi yake.

"Masukani, mayi. Nyowetsani milomo. Ganizani chinthu chosangalatsa."

"Ngati chiyani, bambo?"

A Mawotchi anayamba kugwada, kudzuka, kupotoza galasi, kubwerera m'mbuyo, kuyandikiranso. Ine mapewa akuyaka, pakamwa panandiyabwa.

"Koma bambo inu, ngati zonse mumachedwa nazo chonchi, n'chifukwa chake mwana ndi mmodzi."

Mayiwo anaphulika. Anaseka mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, dzanja pachifuwa, kampata ka pakati pa mano awo kali poyera, maso atachepa. Chala cha a Mawotchi chinadina chokha ndi kudzidzimuka.

Tinathamangira pakagalasi ka kumbuyo tonse atatu, mitu kugundana. Zithunzi zinali zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi chimodzi zinali za munthu wodikira jakisoni. Chomaliza, abale, ndilibe mawu. Anali iwowo. Osati mkazi wa bwana, osati wa m'magazini, koma mayi amene ndakhala nawo khoma limodzi zaka zonsezi, pa tsiku lawo labwino. Tsaya lamanzere linkawala mofewa, ndipo kuwala kumeneko ndinaponya ndine.

"Ndi chimenechi," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Bambo, ndi chimenechi."

A Mawotchi anadina kabatani kokulitsa, chithunzi chinakula, anakulitsanso mpaka pakagalasi panatsala diso ndi khutu.

"Taonani. Kamera yagwira ndolo, maso yawasiya. Ndolo ili ngwee, maso ali mwachimbuuzi. Komanso paipi ya mpopi yalowa apa pakona."

"Ine sindikuona chimbuuzi chilichonse."

"Pano simungachione. Tikachikulitsa cha pakhoma, aliyense adzaona. Adzati a Mawotchi anajambula tauni yonse bwinobwino, mkazi wawo n'kumulakwitsa maso."

"Adzatero ndani, bambo? Chisiyeni."

"Chisiyeni, inu!" ndinakuwa ine. "Chigone usiku umodzi wokha, sichikulumani!"

Chala chinali chitapita kale. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Chala chimene chachita chinthu chimodzi zaka zonsezo sichifunsa mutu. Fufu. Kenako zina zija, chimodzichimodzi, fufu, fufu, mpaka pakagalasi panada.

"Vuto ndi panja pano," anatero osatiyang'ana. "Ndaganiza bwino tsopano. Mawa seveni koloko m'mawa, m'nyumba, pazenera. Kuwala kwa pazenera kulibe mnzake. Babu tizimitsa, inu mukhala chammbali, khoma loyera lija libweza kuwala lokha, chikatoni sichifunikanso. Kuchipatala ndi masana, nthawi ilipo yambiri."

Zaka makumi awiri ndi zitatu, munthu kudzatulukira lero kuti m'nyumba mwake muli zenera.

Mayiwo anavula ndolo pomwepo pabwalo, nalowa m'nyumba.

Dzuwa litangolowa foni yawo inalira. Anali namwino. Ati dokotala wasintha ndandanda, opaleshoni ndi mawa lomwe, mufike sikisi koloko m'mawa musanadye kanthu.

Takisi inafika kusanayere. Ndinatuluka ndi nsalu kumutu kudzawanyamulira chikwama. Mayiwo anaima pakhomo pansi pa babu la pakhonde, atavala juzi, mizere yanga ikadali yatsopano m'mutu. Anatembenukira amuna awo.

"Bambo, katengeni kamera. Jambulani ndi fulashi yomweyo."

A Mawotchi analowa, anatuluka nayo. Anaikweza kufika pachifuwa. Ndinaona zigongono zawo zili kutali ndi nthiti. Anayang'ana babu, anayang'ana akazi awo, anayang'ananso babu.

"Fulashi imapha nkhope, mayi. Si chithunzi chimenecho. Mukabwera. Dokotala anati mwina, sanati ndithu. Mubwera bwinobwino, mudzaona."

Woyendetsa takisi analiza hutala. Mayiwo anawayang'ana amuna awo kanthawi, kenako anakwera.

Kuchipatala anakhalako masiku khumi ndi awiri chifukwa bala linachita mafinya. Nkhope yonse inali m'mabandeji, yotupa, ndipo a Mawotchi ankauza aliyense kuti ndi kutupa chabe, kuphwa. Masana ankapita kukawaona. Koma m'mawa uliwonse, seveni koloko, ndinkamva kudzera pakhoma: kukoka mpando, tcha. Kusuntha katani, tcha, tcha. Tsiku lina ndinasuzumira. Munthu wamkulu, atagwada pakati pa chipinda, akujambula mpando wopanda munthu pafupi ndi zenera.

"Ndikuyesa kuwala, aneba," anatero. "Seveni koloko ndi kofewa, ikangopitirira mphindi makumi awiri kwauma. Katani ikhale theka. Akadzabwera sindidzawachedwetsanso, ndidzangodina."

Zimenezo sankafufuta, pakuti zinali zakuthwa bwino. Mpando sugwedezeka, suphethira.

Tsiku lakhumi anamasula mabandeji. Ndinalipo. Kutupa kunali kutaphwa, koma mbali yamanzere inali itatsika ngati nsalu yothothoka pachingwe. Nsidze inagwa, tsaya linagwa, ngodya ya pakamwa inalozera pansi. Atayesa kutimwetulira, mbali imodzi yokha ndiyo inapita, inayo inatsala. Dokotala anati chotupa chinali chitakulunga mtsempha, sakanachitira mwina.

A Mawotchi anatuluka m'wodimo osatsanzika. Ndinawatsatira, ndipo musandifunse chifukwa. Anapita molunjika kwa Ndevu, bambo wotsuka zithunzi amene ali ndi kashopu kuseri kwa malo okwerera basi. Anatulutsa kakhadi ka m'kamera n'kukaika patebulo ndi manja awiri ngati chopereka.

"Ndinamva kuti zofufutidwa mumatha kuzibweza."

"Nthawi zina," anatero Ndevu. "Chithunzi mukachifufuta sichifa pomwepo, akulu. Chili ngati munthu amene wauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya lendi koma sanasamuke. Amakhalabe momwemo mpaka wina adzalowe. Ngati munachotsa kakhadika tsiku lomwelo n'kukasunga, tichipeza. Mwajambulirapo zina?"

A Mawotchi anayankha motsitsa mawu. "Pang'ono."

Ndevu analowetsa kakhadi m'kompyuta. Tinadikira. Zithunzi zinayamba kutuluka m'mizere. Mpando. Mpando. Mpando katani ili theka. Mpando katani ili yotsegula. Mpando chapafupi. Mpando chapatali. Ndevu anatsitsa, anatsitsa, nawerenga nambala ya pansi.

"Mazana awiri ndi khumi ndi zinayi. Akulu, mukugulitsa mpandowu?"

Palibe anaseka. Ndevu anafufuzabe, pakuti ndi munthu wachifundo ngakhale ndevu zake zimaopsa. Pamapeto penipeni anapeza kachidutswa. Pamwamba pake panali khoma loyera ndi nsonga ya mutu, mizere itatu ya tsitsi, ntchito ya manja anga. Kuyambira pachipumi kutsika panali phulusa lokhalokha.

"Ndi chokhachi chatsala. Kakhadi kanu n'kakang'ono, mipando yakhala pamwamba pa zonse. Koma inu akulu, ndinu katswiri, mumafufutiranji pakagalasi kakang'ono ngati bokosi la machesi? Ife timati jambula kaye, sunga, udzasankhe mtima utakhala pansi."

Munthu amene walalikira tauni yonse, kulalikidwa ndi Ndevu. Anatola kakhadi kawo, natuluka.

Mayiwo atabwera kunyumba anakhala sabata yathunthu osatuluka. Tiyi ankamwera kapaipi chifukwa kapu inkatayikira pachibwano. Mawu ena ankawavuta, makamaka ofuna milomo. Lamulungu anthu anabwera monga mwa masiku onse, anapeza chikatoni chitatsamira khoma pafupi ndi mpopi, chitayamba kufutukuka ndi chinyezi. A Mawotchi anajambula awiri atatu, nkhope theka kuwala theka mdima, osalalikira ngakhale liwu limodzi.

Za mipando zija sanawauze akazi awo. Ndinawauza ndine. Mundinene mmene mungathere, koma munthu ayenera kudziwa chimene chinakhala pankhope pake. Anamvetsera mpaka kumapeto, diso lamanzere likungotsika misozi monga limachitira tsopano ngakhale asakulira.

"Mazana awiri?"

"Ndi khumi ndi zinayi."

"Zinatuluka bwino?"

"Zakuthwa zedi, asisi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mawa mubwere sikisi koloko mudzandiluke. Tsitsi lonse lipite kumanja. Kumanzere kukhale poyera."

M'mawa mwake a Mawotchi akuti azipita kuntchito anapeza akazi awo atakhala pampando uja pafupi ndi zenera, diresi yobiriwira, ndolo za mkuwa, katani ili theka. Chikatoni anali atachisanjika pamiyendo pawo, atachigwira okha.

"Seveni koloko yakwana, bambo. Katengeni kamera."

"Mayi, dikirani kaye mupeze bwino. Dokotala anati mwina pakapita miyezi..."

"Katengeni."

Anakatenga. Anaima pakati pa chipinda ngati mlendo.

"Ndiye tembenukirani kuno, tionetse mbali yamanja. Inayo ikhale mumthunzi, sidzaoneka kwenikweni."

Mayiwo sanatembenuke. Anangopendeketsa chikatoni pang'ono, kamodzi kokha, osayang'ana n'komwe, ndipo kuwala kunakwera n'kukhala ndendende pa tsaya lakugwalo, pachipsera chochokera kukhutu kutsikira m'khosi, pangodya ya pakamwa yonyowa.

"Kumbuyo kuli bwino?" anafunsa.

"Kuli bwino."

"Maso mwawagwira?"

A Mawotchi anamanga zigongono m'nthiti. Ndinawamva akuleka kupuma. Tcha.

Mayiwo anatambasula dzanja. "Kakhadi."

Anapita nako okha kwa Ndevu, mpango osafunda, anthu akuwayang'ana m'njira monse. Anauza Ndevu kuti achikulitse kufika pamene makina ake amathera, achiike m'fulemu yagalasi. Ndachiona, ndipo ndikuuzani zoona, a Mawotchi sanajambulepo chithunzi chabwino kuposa chimenecho. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Maso ndi akuthwa moti mukhoza kuwerenga nsidze, ndipo amakutsatirani kulikonse kumene mwaima m'chipindamo. Alendo akalowa amasowa poika nkhope, amayamba kuyamikira galu wa a lendilodi.

Anachikhoma pakhoma loyang'anizana ndi pamene amuna awo amakhala pakudya. Patatha masiku atatu a Mawotchi anasamutsa mpando wawo, ati pamene paja pamalowa mphepo, nakhala chofulatira. M'mawa mwake, atangopita kuntchito, ndinamva hamala. Msomali unalowa khoma linalo, chithunzi n'kusamukira komweko. Bambowo anapirira sabata imodzi, kenako anayamba kudyera pakama, ati msana. Hamala inaliranso, ulendo uno kuchipinda, kumiyendo kwa bedi.

Sakangana ayi. Chakudya amawaphikira, malaya amawasitira, madzi osamba amawatenthetsera. Dzulo a Mawotchi adyera pakhonde, mbale ili pamaondo, ati m'nyumba mukutentha. Lero m'mawa mayiwo agogoda kwanga kudzafunsa ngati ndili ndi msomali wa konkire, wautali, woti ungagwire khoma la panja.

Ndinali nawo umodzi. Ndawapatsa.